Ndinakalipira Mtsinje pa Njira ya ku Tembwe

Kale, pamene foni zathu zinali za mabatani, ndipo kuti ugwire netiweki kuno ku Chama unkachita kukwera pa chulu n'kuimika dzanja ngati mwana wa sukulu wofuna kupita kuchimbudzi, ine ndinali nditangoyamba kuyendetsa honda, njinga yamoto yonyamula anthu, pa renki ino. Musaseke, imwe ana. Ndikudziwa kuti imvi ndilibe, koma pa renki pano ndine mdala wanu, ndipo amene anayamba kuona dzuwa ndi wamkulu basi. Sendera kuno iwe Masauso, mvula iyi siikata manje manje, ndipo palibe kasitomala angatuluke m'nyumba. Chotsa tumawaya m'makutumo. Ati ukumvera chiyani? Phokoso la mvula? Mu foni? Anthuni, mvula ikugwa pa malata pamwamba pathu pano, koma mnzathu akumvera mvula ya kunja yothera mabandulo, ati imakhazika mtima pansi! Ndiye taonani nkhope yake mmene yakhalira, ngati wameza tsabola. Kuyambira m'mawa ukulemba n'kufufuta mawu opita kwa mlamu wako, ndakhala ndikukuona. Ika foniyo m'thumba, ndikuuze za mankhwala amene ine anandimwetsa.

Nthawi imeneyo ukali wanga unali woposa wako. Munthu akangondiguda pang'ono pa msika, ine jekete ndavula kale. Mkazi wanga Wezi anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo monga mwa mwambo anapita kwa makolo ake kumbali ya ku Tembwe kuti akachire ali pafupi ndi amayi ake. Anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo ine ndinakamuona kamodzi n'kubwerera kuno ku boma, poti inali nyengo ya mvula, matope ponseponse, ndipo aliyense ankafuna honda. Mumtima mwanga dzina linali lokonzeka kale. Amayi anga anatisiya ndili wamng'ono, dzina lawo anali Esinati, ndipo ndinkati mchombo wa mwana ukangogwa ndidzanyamula ankhazi, alongo awo a bambo anga, tikapereke dzina limenelo, chifukwa kwathu dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna, ndipo amene amalitchula ndi ankhazi.

Ndiye m'mawa wina ndili pompano, foni inalira. Anali mnzanga wina wa ku Tembwe, ati, "Suzgo, zabwino zonse, Towera tamuona, wafanana nawe mphuno."

Ndinati, "Towera ndani?"

"Mwana wako, iwe! Apongozi ako amutulutsa dzulo, dzina anamupatsa ndi iwowo."

Imwe ana, ndinamva kutentha kuchokera m'zala za kumapazi mpaka m'makutu. Ndinaliza honda n'kuthamangira kunyumba kukatenga jekete, ndipo m'mutu ndinali nditapanga kale chiganizo: ndikafika ndikaima pakati pa bwalo la apongozi anga a Kumwenda, ndikawauza pamaso pa mudzi wonse kuti mwana wawoyo akhale naye, ndi mdzukulu yemwe, poti aona kuti ine si mwamuna. Mukudziwa nokha kuti mawu otero ukawalankhula kwa apongozi, ukwati watha pomwepo, palibe nkhuku kapena mbuzi ingawabweze. Madzi akatayika sawoleka. Ine ndinkadziwa zimenezo, koma tsiku limenelo ndinkafuna kuti atayikedi.

Ankhazi ankagulitsa mpunga ndi nsomba zouma pa msika apo, mayi wonenepa bwino, wa pakamwa pakuthwa ngati lezala. Anandiimika pa msewu ndi dzanja limodzi ngati wapolisi.

"Ukuthamangira kuti ngati wapsa nyumba?"

Ndinawauza zonse ndili pa honda, injini ikulira. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kuuza mnzawo kuti awaonere nsomba, n'kukwera kumbuyo kwanga osapempha.

"Tiye. Wolandidwa dzina ndine, osati iwe. Ngati kuli kotukwana, ndiyambe ndine."

Ndinasangalala, ndinati ndapeza msilikali. Sindinadziwe kuti ndanyamula mabuleki.

Masiku ano imwe mumadutsa pa kabuliji paja pa njira ya ku Tembwe osadziwa n'komwe kuti pansi pali mtsinje. Nthawi imeneyo panalibe kanthu. M'chilimwe panali mchenga wokhawokha, ana ankasewerapo mpira, koma mvula ikagwa kumapiri, kamtsinje kameneko kankadzaza mwadzidzidzi, madzi ofiira, onyamula zitsa ndi nthambi, akulira ngati lole. Tinafika dzuwa litakwera pang'ono, ndipo tinapeza mtsinje uli ndendende. Pansi pa mtengo wa msikizi panakhala anthu odikira: azimayi angapo ochokera kuchigayo, ndi mdala wina, a Zimba, amene anamangirira mbuzi pa keriyala ya njinga yawo. Onse anali phee, miyendo atatambasula ngati ali pakhomo pawo.

Ine ndinayang'ana madziwo n'kuwonjezera moto. Ndinati ndikalowa mwamphamvu ndioloka. Ankhazi anangotambasula dzanja kudutsa m'khwapa mwanga, kiyi pokonyo, n'kumuponya m'kati mwa bulauzi.

"Mutenge," anatero.

Azimayi aja anafa nako kuseka. Mmodzi anati, "Adada, mukuthamangira maliro kapena mukufuna kupanga anu?"

Ndinatsika n'kuyamba kuyendayenda m'mbali mwa madzi, foni m'mwamba, kufunafuna netiweki kuti mwina nditukwane apongozi pa foni pomwepo. Mulungu ndi wabwino, imwe, pamalo paja panalibe ngakhale kamzere kamodzi. Lero akanakhala mmodzi wa imwe, bwenzi uthenga utapita kale, ndi tizithunzi ta moto pamwamba, ukwati n'kutha munthu asanaoloke. Ife kale mkwiyo unkayenda ndi miyendo, ndipo pa njira unkatopa. Wanu umakwera ndeke.

Ankhazi anathyola kamtengo kouma, kotalika ngati mkono, n'kundipatsa.

"Kazike pamene pathera madzi. Osati m'madzi, iwe chitsiru, pamlomo penipeni pa madzi. Eya. Manje vula nsapato."

"Ankhazi, ine sindine mwana."

"Vula. Mapazi ako ali m'ndende, n'chifukwa chake mutu ukuwira."

Ndinavula. Anandikhazika pa mchenga wonyowa, n'kundiuza kuti ndikwirire mapazi mpaka m'mfundo. Kuzizira kwake, imwe! Kunakwera m'miyendo pang'onopang'ono ngati munthu akuthira madzi pa mbaula. Kenako anati, "Anthu a kuno kuchigwa sitifunsa mtsinje kuti uphwa nthawi yanji. Timazika kamtengo n'kukhala pansi. Madzi akachoka pa kamtengo n'kusiya mchenga wokwana kupondapo phazi lonse, ndiye tiyambe kukambirana zooloka. Ntchito yako ndi kuyang'ana kamtengoko basi."

Mukuganiza kuti n'chapafupi? Tayesani. Ndinakayang'ana pang'ono, n'kuimirira kukaona pafupi, n'kubwerera, n'kuimiriranso. Ulendo wina ndinakazula n'kukasendeza kumtunda kuti zioneke ngati madzi atsika. A Zimba anandiona.

"Mwana wanga, wanamiza ndani pamenepo, ife kapena mtsinje?"

Ankhazi anandikokera pansi ndi malaya. "Ukupuma ngati galu wothamangitsa njinga. Kokera mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke. Osati mapewa, mimba. Manje tulutsa ndi pakamwa pang'onopang'ono, ngati ukukoleza moto wa nkhuni zonyowa. Ukauzira mwamphamvu uzima, ukauzira motalika uyaka. Bwerezanso." Anaika chikhatho chawo pamsana panga, cholemera, chonunkha nsomba, ndipo nthawi iliyonse ndikafulumira ankandimenya kambama kakang'ono pakhosi. Mmodzi wa azimayi aja anandiponyera nsawa zosasenda m'chitenje, ati manja a munthu wokwiya asakhale opanda ntchito, amayamba kufuna khosi la wina. Ndiye ndinali pamenepo, mwamuna wa honda, woopedwa pa renki yonse, mapazi mumchenga, ndikusenda nsawa za eni ake n'kumauzira moto wosaoneka.

Koma mkwiyo sunathe, musaganize kuti zinali zamatsenga. Unangokhala pansi nane limodzi. Ankhazi anaona, ndipo anati, "Chabwino. Mawu amene wakonzera apongozi ako, tiyeni tiwamve. Mbewu timayesa tisanadzale. Imirira, uyang'ane tsidya lija, ulankhule mmene ukalankhulire."

"Pamaso pa anthu awa?"

"Kodi ku Tembwe ukalankhula pamaso pa mitengo?"

A Zimba anadzipereka okha. Anakakhala pa chitsa m'mbali mwa madzi, n'kupinda mwendo, n'kuvala nkhope ya apongozi. "Ndine a Kumwenda. Lankhulani, akamwini, ndikumva."

Ndinaimirira, mchenga uli m'miyendo, n'kuyamba. Ndinakuwa kuposa mtsinje. Ndinati mwandinyoza, mwandiyesa kamwana, mwaponda manda a amayi anga, mwana wanuyo khalani naye! Nditangofika pa mawu akuluakulu aja, mbuzi ya pa njinga inati meee, motalika, ngati ikuvomereza mu tchalitchi. Azimayi anagubuduka pansi. Ine ndinapsa mtima kwambiri, koma ankhazi anati, "Sizinamveke, madzi akusokosa. Bwereza."

Ndinabwereza. A Zimba anaika dzanja kukhutu. "Mwati ndikhale naye ndani, akamwini? Wezi? Zikomo kwambiri, ndinkasowa wondithandiza kupirikitsa mbalame ku mpunga. Nanga kamwanako? Nakonso? Ayi ndithu, Mulungu akudalitseni, pali mphunzitsi wina wabwera kuchokera ku Chipata, alibe mkazi, mphuno ya mwanayo adzaizolowera."

Imwe, mawu amenewo anandilasa kuposa mmene ndinkafunira kulasa apongozi. Ndinaona Wezi akupachika matewera pa chingwe cha munthu wina. Ndinaona kamwana kanga kakuthamangira munthu wina pa chipata kakuti adada. Ankhazi anati ndibwerezenso, ndipo ulendo umenewo mawu anatuluka opanda mafupa, ngati ndikuwerenga za munthu wina. Pofika pa amayi anga, ndinalekera pomwepo. Ndinakhala pansi, n'kubwezera mapazi mumchenga ndekha, popanda wondiuza.

Palibe anaseka pamenepo. Ankhazi anasenda nsawa kwa kanthawi, kenako anati, "Waona kuno lero kulibe mtambo, koma mtsinje wadzaza? Mvula yake inagwa kutali, kumapiri, ife sitinaione n'komwe. Nawenso madzi akuwira mwa iwewa si a Kumwenda okha ayi. Mlamu wanga Esinati anapita iwe usanamukhute. Ine ndikudziwa. Koma usakagwetse nyumba ya eni ake ndi madzi a mvula ya kale."

Ndinangoyang'ana kamtengo kaja, n'kumapuma mmene anandiphunzitsira, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinayamba kumva zinthu zina: njiwa zikulira mu msikizi, mbuzi ikutafuna chingwe, azimayi akukambirana za njovu zimene zinalowa m'munda wa wina ku Chifunda. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangozindikira kuti kamtengo kaima pouma, ndipo pakati pa iko ndi madzi pali mchenga wonyezimira. Akuluakulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndimati kuona mtsinje ukuphwa n'kovuta kuposa pamenepo, chifukwa suona pamene ukutsika, umangoona kuti watsika.

Dzuwa litapendeka, a Zimba analowa ndi ndodo kuyesa, madzi analekeza m'mawondo. Tinathandizana kukankha honda, kenako njinga ndi mbuzi yake, kenako matumba a ufa. Ankhazi anatulutsa kiyi tili tsidya, ali wofunda, n'kunena kuti, "Ukayendetsa ngati wamisala ndimubwezera komwe anali."

Tinafika kwa a Kumwenda anthu akuchokera kumunda. Ine ndinazimitsa honda patali, n'kuyenda wapansi, n'kunjuta m'mphepete mwa bwalo monga achitira mkamwini, n'kuomba m'manja. Sindinama, nditaona a Kumwenda akutuluka m'nyumba akukunga lamba, kutentha kuja kunayambanso kukwera. Ndinakanikiza zala za kumapazi m'nsapato ngati zili mumchenga, n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ankhazi anandiyang'ana m'mbali, n'kukhala pa mphasa.

Tinapatsana moni wautali, wa mvula, wa mpunga, wa matenda. Kenako ankhazi anati, "A Kumwenda, ife tamva kuti kuno kwabadwa mlendo, ndipo tamvanso kuti mlendoyo wafika ndi dzina lake m'thumba. Ndiye tabwera kudzafunsa kuti kodi ife a kuchimuna tinamwalira liti, poti maliro athu sitinawamve."

Mdala uja anaweramitsa mutu. Sanakane. Anati mchombo unagwa, masiku anapita, mwana ankayenera kutuluka m'nyumba kuti amayi ake ayambe kuyenda, ndipo iye sakanatulutsa munthu panja wopanda dzina ngati kamwana ka mbuzi. Anati anadikira, koma mkamwini sanaoneke. Anati, "Ndalakwa, ndalumpha mpanda wa eni ake. Koma nanunso munachedwa."

Apa ndiye panali pamalo pa mawu anga aja. Onse anandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Adada, zinandiwawa. Ndinkafuna dzina la amayi anga." Basi. Mawu onse amene ndinakuwa ku mtsinje, amene anatsala ndi amenewo, ndipo ndi okhawo amene anali oona.

Wezi anatuluka ndi mwana, n'kugwada pafupi nane, n'kundipatsa. Anandinong'oneza kuti, "Unali kuti masiku onsewa? Honda ndiye mkazi wako?" Kenako anayang'ana miyendo yanga. "Nanga mchengawu? Umalima mumtsinje?" Kamwana kanali kopepuka ngati mtolo wa thonje, ndipo mphuno inalidi yanga, chisoni.

Apongozi anagwira tambala woyera n'kumupereka kwa ankhazi kupepesa. Ankhazi anamulandira, anamuyeza kulemera m'manja monga munthu wa pa msika, n'kunena kuti ndi wowonda koma mlandu watha. Kenako ananyamula mwana, n'kumuuzira m'khutu kuti, "Ndiwe Esinati." Koma la Towera sanalichotse, anati dzina limene munthu watuluka nalo panja silivulidwa ngati malaya.

Ndiye musaganize kuti ndinapambana, imwe ana. Kukhazika mtima pansi sikukupatsa zonse zimene ukufuna ayi, kumangokuletsa kutaya zimene uli nazo kale. Masiku ano mabuliji amangidwa, netiweki ili mpaka kuchimbudzi, palibenso chimene chimakuimitsani pa njira, ndiye muyenera kudziimitsa nokha. Iwe Masauso, sindikuti mlamu wako sanalakwe, mwina walakwadi. Ndikuti pita kuseri kwa shopu uko, vula nsapato, ponda pansi pozizira, upume mpaka mimba itukuke. Mawu ukufuna kutumizawo uwalankhule mokweza kwa khoma, ubwereze mpaka utope nawo. Amene atsale, amenewo ndiye utumize. Ukayenda umasiya phazi, mwana wa amayi, ukasiya mlomo umakutsata.

Taonani, ana a sukulu aweruka. Uyo wa ambulera yobiriwira, wamtali ngati bango, ndi yemweyo. Tamverani.

Esinati! Iwe Esinati!

Mwaona? Ngakhale kucheuka. Dikirani.

Towera!

Eya, uyo akubwera akuthamanga. Senderani, mumupatse malo pa benchi, wanyowa mwana wanga.